Ayisi wa pamasitepe: tithirepo chiyani kuti m'mawa tisagwe?

Mayi Nachisale, Aberdeen

Abale ndi alongo, ndakupatsani moni nonse. Nkhani yomwe ndabwera nayo ingaoneke yaing'ono kwa inu okhalitsa kuno, koma ine yandisowetsa tulo. Ino ndi nyengo yanga yoyamba yachisanu kuno ku Scotland, ndipo nyumba yomwe tikuchita lendi ili ndi masitepe asanu a konkire kutsogolo, kenako kanjira kotsetsereka kokafika pageti. Dzulo madzulo nditaona kuti pamasitepepo paundana, ndinawiritsa ketulo kawiri n'kuthirapo madzi otentha, ayisi n'kusungunuka ndikuona ndi maso angawa, moti ndinakagona mtima uli m'malo. Lero cha m'ma 6 koloko m'mawa ndinangoponda sitepe yoyamba n'kupezeka ndakhala pansi pa yachitatu, chikwama kwina, foni kwina. Mwamwayi palibe chomwe chathyoka, koma chiuno chikundipweteka kwambiri.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, choncho ndimatuluka kunja kusanache, ndipo sindingadikire dzuwa lomwe mwezi uno wa Disembala likutuluka 8 koloko itadutsa kale. Chonde ndithandizeni: n'chiyani chomwe chimasungunula ayisi mofulumira, komanso kuti asabwerere usiku?

Bambo Mbewe, Northwich

Pepani kwambiri mayi, ndipo ngati chiunocho chipitirira kupweteka musazengereze kukaonana ndi adokotala. Zomwe zakuchitikiranizi ambirife zinatichitikirapo chaka choyamba, chifukwa munthu wochokera kwathu akaona chozizira amaganiza za moto. Madzi otentha aja sanapite kulikonse. Anangoyalana bwinobwino pasitepe iliyonse, ndipo usiku anaundana n'kukhala ngati galasi, losalala kuposa ayisi woyamba uja, komanso losaoneka mumdima. Malangizo a boma la Britain okhudza kuchotsa chipale chofewa m'tinjira amanena mosapita m'mbali kuti tisamagwiritse ntchito madzi pa chifukwa chomwechi.

Thirani mchere. Sikuti mpaka mugule wapadera, chifukwa mchere wathu wa mundiwo womwewu umagwira ntchito, ndipo muyeso womwe amalangiza ndi supuni imodzi yaikulu pa sikweya mita imodzi. Ngati mukufuna wotsika mtengo, gulani thumba la mchere wamiyala, wofiirira uja, m'masitolo a zomangira kapena m'magalaja. Ine ndimakhala pafupi ndi mgodi wa Winsford kuno ku Cheshire, womwe unatsegulidwa mu 1844, ndipo mchere wambiri womwe magalimoto a khonsolo amamwaza m'misewu ya dziko lino umakumbidwa kumeneko. Kufiirirako ndi dothi lomwe limasakanikirana nawo pansi pa nthaka. Chinthu chimodzi chokha: mabokosi achikasu omwe mumaona m'mbali mwa msewu, mchere wakewo ndi wa msewu ndi tinjira ta anthu onse, osati wa pakhomo pa munthu.

Aphunzitsi a Zimba, Leeds

Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma ndiloleni ndiwonjezere masamu pang'ono, popeza ndi masamuwo omwe anandichititsa ine kusiyiratu ketulo. Kuti kilogalamu imodzi ya ayisi isungunuke, pamafunika kutentha kofanana ndi komwe kungatenthetse lita imodzi ya madzi kuchokera pa 0°C kufika pa 80°C. Izi zikutanthauza kuti lita imodzi ya madzi owira, ngakhale itapereka kutentha kwake konse kwa ayisi osatayako kalikonse, singasungunule zoposa kilogalamu imodzi ndi kota. Tsono ayisi wochindikala sentimita imodzi pa sikweya mita imodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 9, ndiye kuti pangafunike malita 7 kapena kuposerapo. Komatu konkire yomwe ili pansiyo nayonso ndi yozizira ndipo imamwa kutenthako mofulumira, choncho mumangotsala ndi madzi ambiri kuposa poyamba, pamalo pomwe pakadali pozizira monga kale.

Mchere umagwira ntchito mwanjira ina. Suwotcha ayisi ayi, koma umasungunuka m'kachinyezi komwe kamakhala pamwamba pa ayisiyo n'kupanga madzi amchere, ndipo madzi amchere saundana pa 0°C. A m'nyanja yamchere amaundana pafupifupi pa -2°C, pomwe madzi omwe mchere wake wafika magawo 23 pa 100 aliwonse amapirira mpaka -21°C. Kanjere kalikonse ka mchere kamaboola ayisi pang'onopang'ono mpaka kukafika pa konkire, kenako madzi amchere aja amafalikira kunsi n'kumatula ayisiyo. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Timadikira kuti mchere usungunule zonse, tikaona kuti zikuchedwa timawonjezera wina, chonsecho ntchito yake yeniyeni ndi kumatula basi. Thirani, dikirani mphindi 20 kapena 30, tengani fosholo mugogode, ndipo ayisi adzasweka m'mapale ngati chikhakha cha mumphika wa nsima, inu n'kukokolola. Palibe njira yofulumira kuposa imeneyi.

Bambo Tembo, Winnipeg

Ndawerenga za a Mbewe ndi za aphunzitsi, ndipo ndikuti n'zoona kwa inu a ku Britain. Koma pagulu pano tilipo ena omwe tikathira mchere wamundiwo mu Januwale timangoudyetsa mphepo. Aphunzitsi atchula -21°C, koma amenewo ndi malire a m'buku. Pabwalo penipeni mchere wamba umayamba ulesi kukazizira kupitirira -9°C, moti mutha kuuthira m'mawa, madzulo n'kuupeza uli mbuu pamwamba pa ayisi osachita kanthu. Kuno ku Manitoba, m'dziko la Canada, usiku wa -25°C si nkhani yodabwitsa, ndipo n'chifukwa chake mzinda wathu umadalira kwambiri mchenga wosakaniza ndi mchere pang'ono kukazizira chotero.

Choncho langizo langa kwa aliyense ndi loti muyambe mwaona pafoni kuti usiku kuzizira kufika pati musanatsegule thumba. Ngati kuli pakati pa 0 ndi -9, mchere wamba ukukwanira. Kukapitirira pamenepo, gulani calcium chloride, timibulu toyera tija, yemwe amagwirabe ntchito kukazizira mpaka cha m'ma -29°C, ndipo iyeyu ndiye amatulutsadi kutentha akakhudzana ndi chinyezi, n'chifukwa chake amaboola ayisi msanga. Ndi wodula, amayabwa m'manja, amaumitsa nsapato zachikopa, ndipo thumba lake mukalisiya losamanga amayamwa chinyezi cha mumpweya n'kusanduka chibuma. Palinso magnesium chloride, yemwe mphamvu yake ili pakati pa mchere wamba ndi calcium chloride. Mayi Nachisale, ku Aberdeen kwanuko muli m'mphepete mwa nyanja, ndiye sindikuona chifukwa choti mutaye ndalama pa zodulazi.

Mayi Nachisale, Aberdeen

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu foni imaonetsa -4, ndipo akuti lero zikhalanso chimodzimodzi. Ndili ndi mafunso awiri ena. Mnzanga wa kuntchito wanditumizira kanema wosonyeza kuti ukasakaniza madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi spiriti pang'ono, ayisi amasungunuka nthawi yomweyo ndipo sabwereranso. Kodi n'zoona? Chachiwiri, bambo a kunyumba kuno akuti anamva kuti feteleza wa urea amasungunulanso ayisi. Ine ndinaseka, poti urea ndimamudziwa ngati wobereketsa chimanga, koma iwo akuumirira.

Aphunzitsi a Zimba, Leeds

Za kanemayo, chomwe chikusungunula ayisi pamenepo ndi madzi ofundawo, ndiye kuti tabwereranso ku ketulo ija koma titavala malaya ena. N'zoona kuti spiriti payekha saundana mpaka kuzizire kwambiri, koma supuni zochepa m'malita awiri a madzi zimasukuluka moti sizingatchinjirize chilichonse, ndipo spiritiyo amauluka msanga. Chotsala ndi madzi a sopo pamasitepe, ndipo sindikhulupirira kuti pali munthu yemwe anakula akukolopa pasimenti amene angafune kuponda pamenepo mumdima. Ojambula makanemawa sabwereranso m'mawa kudzationetsa momwe pagonera.

Koma bambo a kunyumbako musawaseke, akunena zoona. Urea amasungunuladi ayisi, ndipo mabwalo a ndege ankamugwiritsa ntchito chifukwa sadya zitsulo ngati mchere, ngakhale ambiri tsopano anasinthira ku mankhwala ena monga potassium acetate ndi potassium formate. Vuto lake ndi loti ndi wofooka, amasiya kugwira bwino ntchito kukazizira kupitirira cha m'ma -6°C, ndipo akakokolokera m'mitsinje amadyetsa ndere monga momwe amadyetsera chimanga, madzi n'kuchepa mpweya womwe nsomba zimapuma. Chenjezo lalikulu ndi lakuti musatenge feteleza aliyense poganiza kuti onse ndi amodzi. Amene ali ndi ammonium sulphate kapena ammonium nitrate amadya konkire yeniyeniyo.

Mayi Nagama, Berlin

Ine ndikufuna nditsutseko pang'ono, chifukwa kuyambira pamwambapa aliyense akungoti mchere, mchere. Kuno ku Berlin munthu wamba saloledwa kuthira mchere pakanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba, ndipo ukapezeka ukutero umalipitsidwa chindapusa. Mizinda ina monga Munich ndi Hamburg nayonso imaletsa. Komabe lamulo limakakamiza eni nyumba kuonetsetsa kuti kanjirako n'kosaterera pofika 7 koloko m'mawa masiku antchito, ndi 9 koloko Lamulungu ndi masiku atchuthi. Nanga amatani? Amakokolola chipale chikangogwa, anthu asanachiponde, kenako amamwaza mchenga kapena timiyala togumula. Zimenezi sizisungunula kanthu, koma phazi limagwira, ndipo funso lenileni la mayi Nachisale si loti ayisi achoke, koma loti iwo asagwe.

Chifukwa chomwe amaletsera ndi mitengo ya m'mbali mwa misewu. Mchere ukalowa m'nthaka mizu imalephera kumwa madzi, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka m'nyengo yotentha masamba akayamba kupsa m'mphepete ngati awauka. Agalu nawonso amang'ambika kumapazi, ndipo akanyambita amadwala m'mimba. Kwa amene muli ndi mbaula ya nkhuni, phulusa ndi lothandiza kwambiri, chifukwa limagwiritsa phazi, komanso poti ndi lodera limakoka kutentha kwa dzuwa masana. Kuipa kwake n'koti limalowa m'nyumba ndi nsapato, ndipo kapeti wa eni nyumba sakhululuka.

Bambo Mbewe, Northwich

Mayi Nagama, mfundo yanu ndaimva, koma tisaiwale kuti mlongo wathuyu akunena za masitepe asanu, osati msewu wa mitengo. Mchenga pamalo athyathyathya ndi wabwino, koma pasitepe yomwe yakutidwa ndi ayisi wosalala, mphepo ya ku Aberdeen ikawomba usiku umodzi mchengawo mudzaupeza kwa aneba. Komanso kukafunda pang'ono masana, mchenga umamira m'madzi, usiku n'kuundanirana mkati, m'mawa pamwamba n'kukhalanso galasi. Supuni zisanu za mchere sizingaphe mtengo, pomwe chiuno chothyoka chingamulepheretse munthu kugwira ntchito miyezi itatu, ndipo tonse tikudziwa kuti kumudzi kuli anthu omwe akudikira ndalama yochokera m'manja amenewa.

Mayi Nagama, Berlin

Bambo Mbewe, ngati anthu akanamathiradi supuni zisanu, sindikanalankhula. Koma inu mukudziwa momwe timathirira: timakapa ndi mbale n'kukhuthula mpaka pansi pachite kuyera, poganiza kuti wochuluka ndiye wofulumira. Bungwe loona za kuwonongeka kwa chilengedwe ku Minnesota, m'dziko la America, limanena kuti supuni imodzi yaing'ono ya mchere ndi yokwanira kuwononga malita pafupifupi 19 a madzi, ndipo mchere ukalowa m'nyanja kapena m'chitsime suwola ngati zinyalala zina, umangokhala momwemo. Limanenanso kuti kapu imodzi ya khofi yodzaza mchere imakwanira panjira ya galimoto yotalika mamita 6. Ndivomereza kuti pamasitepe athire, koma njere zake zitalikirane, ndipo pakauma asese wotsalayo n'kuusunga kuti adzagwiritsenso ntchito.

Achimwene Chirwa, South Bend

Akuluakulu, ndiloleni ndilowepo ngakhale ndine wamng'ono pagulu pano. Ndakhala zaka zinayi ndikugwira ganyu yochotsa chipale m'makomo ndi m'malo oimika magalimoto kuno ku Indiana, m'dziko la America, komwe chipale chochokera ku nyanja ya Michigan chimatha kugwa usiku wonse osaleka. Chomwe ntchitoyi yandiphunzitsa n'choti amene amathira madzulo amagwiritsa ntchito mchere wochepa kuposa amene amathira m'mawa. Ayisi akagwirana kale ndi konkire mumalimbana naye, koma akapeza mchere uli kale pansi sagwira n'komwe. Ife timapopera madzi amchere chipale chisanagwe, ndipo mizere yoyera yomwe mumaona m'misewu kunja kuli kouma ndi imeneyo. Kunyumba mutha kupanga nokha: magalamu 300 a mchere mu lita imodzi ya madzi ofunda, takasani mpaka usungunuke wonse, thirani m'botolo lopopera, n'kupopera mopyapyala pamasitepe ouma madzulo. Musatero ngati kukubwera mvula yeniyeni, chifukwa idzangotsuka zonse. Mizinda ina imasakanizako madzi otsala popanga shuga wa beet kuti mcherewo umatirire pamsewu, ndipo ku Milwaukee mu 2013 anayesapo madzi amchere otsala popanga tchizi.

Koma mayi Nachisale, pali funso lomwe palibe wakufunsani: konkire yanuyo ndi ya liti? Ngati sinathe chaka chiikireni, musathirepo mchere wamtundu uliwonse. Konkire ili ndi timabowo tosaoneka tomwe timamwa madzi, ndipo madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 aliwonse. Mchere umachititsa kuti kusungunuka ndi kuundanako kuzichitika mobwerezabwereza, ndiye pamwamba pa konkire yanthete pamayamba kusupuka timapale. Ndaonapo anthu akukangana ndi eni nyumba chifukwa cha zimenezi.

Mayi Nachisale, Aberdeen

Achimwene, mwachita bwino kufunsa. Masitepe ndi akalekale, koma kanjira kokafika pageti eni nyumba anakaika konkire mu Seputembala chaka chino. Ndiye kuti ndikanathira mchere ponseponse ndikanadziputira mlandu. Nanga pamenepo nditani, poti ndi pomwenso pali potsetsereka?

Achimwene Chirwa, South Bend

Pamenepo tsatirani za mayi Nagama. Kokololani msanga chipale chikangogwa, ndi fosholo yapulasitiki kuti musakale konkireyo, kenako mwazani mchenga wokhakhala womangira, osati wosalala wa ana oseweretsa. Onetsetsaninso kuti madzi amchere ochokera pamasitepe sakuyenderera kutsikira pakanjirako, choncho mapale a ayisi omwe mwagumula muwataye kumbali, kutali ndi maluwa. Pomwe mukudziwa kuti mudutsa m'mawa mutha kuyalapo lona kapena makatoni madzulo n'kutsamiritsa ndi njerwa, m'mawa n'kungofunyulula, ngakhale kuti njira imeneyi imathandiza kwambiri pa chisanu chogwa usiku kusiyana ndi madzi oyenderera pansi.

Anthu andalama anathana nalo kale vutoli. Ku Holland, m'chigawo cha Michigan, kuyambira mu 1988 anayala mapaipi a madzi ofunda pansi pa misewu ndi tinjira ta pakati pa tauni, pogwiritsa ntchito kutentha kotsala kuchokera kumalo opangira magetsi, moti chipale chimasungunuka chikangogwa. Ku Reykjavik, likulu la dziko la Iceland, amachita zofananazo ndi madzi otentha a pansi pa nthaka. Ife a lendi tikhale ndi fosholo yathu.

Bambo Tembo, Winnipeg

Ndiwonjezere machenjezo awiri omwe sanatchulidwe. Loyamba, pasapezeke wina wothira pabwalo mankhwala oletsa madzi a mu injini ya galimoto kuundana. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi ethylene glycol, yemwe ndi wotsekemera koma ndi poizoni, ndipo pang'ono pokha pamapha mphaka kapena galu, osanenanso za mwana wokwawa. Lachiwiri, ketulo ija isapitenso ku galimoto, chifukwa madzi owira pagalasi lozizira amatha kuling'amba, makamaka ngati linali kale ndi kachilema kogundidwa ndi mwala. Ndipo amene khonde lanu ndi lamatabwa, mchere ndi fosholo yachitsulo zonse ziwiri zimaliwononga, komanso misomali imachita dzimbiri, choncho sesani ndi tsache lolimba n'kumatapo timizere tokhakhala toletsa kuterera.

Kwathu ku Chipata, komanso ku Dedza komwe ndinakwatira, chisanu cha mu Juni chimawaula mbewu kudimba, koma dzuwa likangotuluka nkhani yatha. Kuno chimakhala miyezi, ndiye munthu umayenera kuphunzira kukhala nacho. Gulaninso timinga tomangirira kunsi kwa nsapato, mayi, popeza makomo a okalamba omwe mumayenderawo si onse omwe ali ndi wowathirira mchere. Muzikumbukira kuvula mukamalowa m'nyumba, chifukwa pamatailosi timaterera koopsa.

Mayi Nachisale, Aberdeen

Ndabweranso kudzapereka lipoti. Dzulo nditaweruka ndinagula thumba la mchere wamiyala ndi lina la mchenga. Ndinamwaza mchere pang'ono pamasitepe, n'kulowa m'nyumba kukateleka ndiwo, ndipo nditatuluka patatha theka la ola ayisi anali atachita timabowo ponseponse. Nditagogoda ndi fosholo anasweka m'mapale monga momwe aphunzitsi ananenera, moti pamphindi khumi masitepe onse asanu anali poyera. Ndinasesa madzi otsalawo ndi tsache, n'kumwazanso njere zochepa, pakanjira n'kuthira mchenga. Lero m'mawa ndatsika bwinobwino, ngakhale ndinagwiritsitsabe chitsulo cha m'mbali.

Koma ndapeza china. Ndikusesa ndinaona kuti sitepe yapamwamba imanyowa ngakhale kunja kuli kouma, ndipo nditayang'ana kumwamba ndapeza kuti paipi yotsitsa madzi a padenga ndi yosweka polumikizira, moti masana chisanu cha padenga chikasungunuka madzi amadontha pakhomo penipeni n'kumatsika sitepe ndi sitepe. Ndajambula n'kutumizira eni nyumba, ndipo ayankha kuti atumiza munthu Lachisanu.

Bambo Mbewe, Northwich

Mwagwira mbava yeniyeni, mayi. Podikira Lachisanulo, tcherani ndowa pomwe pakudonthapo ndipo muzikataya madziwo m'ngalande dzuwa lisanalowe, apo ayi mudzapeza ndowa yonse yasanduka mwala. Mchere wotsalawo muusunge m'chidebe chotsekera, pamalo ouma mkati mwa nyumba pafupi ndi chitseko, ndi kapu yakale momwemo, kuti muzitha kumwaza muli chiimire pakhomo musanaponde sitepe yoyamba.